Kagalimoto ka magalamu 142

Alamu anga ali ku Joni chaka chachitatu tsopano, ndipo Khirisimasi iliyonse amalonjeza mwana wawo galimoto ya limoti. Lonjezolo limabwera pa voisi noti, cha m'ma 10 usiku, kumbuyo kukumveka nyimbo ndi anthu akuseka. Muphwa wangayo ali ndi zaka 9. Amaimvera voisiyo mobwereza mpaka kuiloweza. Amadziwa kuti galimotoyo ndi yofiira, kuti ikubwera ndi munthu wina wa pa basi, ndipo malo oti adzaiyendetse anasankha kalekale. Chaka chathachi, kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ikwane, anasesa yekha pakhonde osatumidwa ndi munthu.

Basi inafika. Anthu anatsika ndi mabulangete, zigubu za mafuta ophikira, wina mpaka matiresi. Ya limoti sinatsike. Madzulo ake achemwali anandikokera kuseri kwa nyumba, kumene timakambira nkhani zosafuna ana.

"Iwe, malume wake ndiwe. Chitapo kanthu, ine mutu waima."

Kunena zoona, nthawi imeneyo umalume wanga unali wa dzina lokha. Kontirakiti yanga inali itatha mu Okutobala. Ndinali nditabwerera kwathu ku Chinamwali, m'chipinda chomwe ndinkagona ndili Folomu 2, digiri ili mu envelopu pansi pa sutikesi kuopa makoswe. Bandulo ndinkagula ya usiku, yotchipa ija. Ndalama ya galimoto ya limoti ndikanaitenga kuti?

Usiku womwewo magetsi atazima, ndili chigonere ndikungoyendetsa chala pa foni, YouTube inandiponyera kanema wa ana a ku America akupikisanitsa timagalimoto ta matabwa, topanda injini, topanda batire. Amangotindandalika pamwamba pa njira yotsetsereka, wina n'kutsegula kachotchingira, basi tonse liwiro kumusi. Masekondi atatu zatha, makolo m'mbalimu akukuwa ngati misala. Mpikisanowo amautcha Pinewood Derby, dzina lomwe linandiseketsa chifukwa ife dabi yomwe timaidziwa ndi ya Bullets ndi Wanderers. Unayamba mu 1953 ku Manhattan Beach, ku California. Anauyambitsa ndi Don Murphy, mtsogoleri wa ana a Cub Scouts, poona kuti mwana wake sanafike pa msinkhu wololedwa pa mpikisano wina umene ana amachita kukweramo m'timagalimoto totsetsereka paphiri. Mwana aliyense amapatsidwa zofanana: kachidutswa ka paini kotalika mainchesi 7, misomali 4 ndi matayala 4 apulasitiki. Lamulo lalikulu ndi limodzi. Kagalimoto kasapitirire maaunsi 5 kulemera kwake, amene ndi magalamu pafupifupi 142.

Ndinaonera makanema mpaka bandulo inatha. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti nkhani yonse inali ya m'kalasi momwe ndinatayamo zaka 4. Kagalimoto kopanda injini mafuta ake ndi kutsika basi. Kakaima potsetsereka mphuno italoza kumusi, matako ake amakhala m'mwamba kuposa mphuno. Ukaunjika kulemera konse kumatakoko, kulemerako kumagwa mtunda wautaliko pang'ono, ndipo kagalimoto kamafika pansi ndi liwiro loposa kanzake kamene kulemera kwake kuli pakati. Akatswiri a masewerawa amati ukakatsamiritsa pa chala, kazikhazikika pafupifupi inchi imodzi kutsogolo kwa matayala akumbuyo. Ndiye ngati lamulo lakupatsa magalamu 142 okha, sufuna kuti thabwa lidye ambiri. Ufuna thabwa lopepuka, kuti otsalawo akhale chitsulo chimene ungachiike pomwe ukufuna iwe. Ndinagona ndikudzimva kuti nkhaniyi ndaitha. Chinangotsala ndi thabwa, ndipo thabwa linali kwa munthu amene sindinkafuna kukam'pempha.

Bambo anga ndi kalipentala. Shedi yawo ili m'mbali mwa msewu, ya malata akale ndi mapolo a bulugama, ndipo akhala pamenepo kuyambira ndisanabadwe. Mabedi, zitseko, mafelemu a mawindo, mabenchi a tchalitchi, mabokosi a maliro mwezi ukavuta. Fizi yanga yonse inatuluka mu utuchi wa pamenepo. Komabe zaka zonse zimene ndinali ku koleji, m'tauni yomweyi ya Zomba, sindinabweretsepo mnzanga ngakhale mmodzi pashedipo. Akandifunsa ndinkati madala ali mu bizinesi ya fenitchala. Silinali bodza, koma inunso mukudziwa chimene ndinkachita. Tsiku lina ndili chaka chachiwiri tinadutsa pamenepo pa galimoto ya makolo a mnzanga. Iwo anali chilili ndi puleni m'manja, malaya atavula chifukwa cha dzuwa. Ine ndinaweramira pa foni mpaka tinapitirira. Kaya anandiona kaya ayi, sitinakambepo mpaka lero.

M'mawa mwake ndinapita ndi muphwa wanga, kuti akakhale chishango changa. Ndinawapatsa foni. Anaigwirira patali, dzanja litatambasuka, n'kuonera kanemayo kawiri.

"Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, kulimbana ndi zidole?"

"Ndi za ana, Bambo. Akuluwo amangothandiza."

"Mmm. Ndiye ukufuna thabwa lanji?"

"Lililonse, bola lopepuka."

Anaseka, kuseka kwawo kosatsegula kukamwa kuja. "Thabwa lililonse kulibe, a sayansi." Kenako anakoka katoni ya zidutswa pansi pa benchi n'kuikhuthula pansi.

Tinayamba ndi paini, poti ndi amene azunguwo amagwiritsa ntchito. Paini kuno sasowa. Wina amatsika m'phiri la Zomba pamitu pa anthu, wina amabwera pa malole kuchokera ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala 53,000 imene inadzalidwa kuti idzadyetse fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe. Koma paini ndi paini amasiyana. Bambo anatenga chidutswa chimodzi n'kuchigunditsa patsaya pa mdzukulu wawo. "Chikuzizira?" Mwana anavomera. "Ndiye kuti n'chachiwisi. Chili ndi madzi. Upange galimoto lero, sabata yamawa yapindika ngati nthochi." Anatenga china, n'kutionetsa kumutu kwake, kumene sowo inadula. Pali timizere tokhotakhota, kamzere kalikonse ndi chaka chimodzi cha mtengowo. Timizere tikatalikirana, mtengo unakula mothamanga, ndipo thabwa lake ndi lofewa moti chikhadabo chimalowa. Tikathithikana, ndi lolimbirako. Paini wambiri wa masiku ano, anatero, amadulidwa akadali mwana, n'chifukwa chake bedi la paini silikhalanso zaka ngati kale. Chidutswa chokhala ndi mfundo anachiponya kumbali osalankhula. Chotuluka utomoni anachiponyanso: guluu sagwira pa utomoni, penti naye amakana.

Njira ya patsayayo sindinaikhulupirire kwenikweni. Ndinakabwereka kasikelo kwa mayi wina woyandikana nafe amene amaphika makeke, n'kuyeza chidutswa chozizira chija. Lachitatu chinali magalamu 150. Ndinachiika pafupi ndi mbaula, osati pamoto penipeni, ndipo pofika Lamlungu chinali 137, chikutsikabe. Magalamu 13 a madzi okhaokha m'kachidutswa kokwana m'dzanja. Nditawaonetsa Bambo manambalawo anangoti, "Ndiye tsaya linanama?" Koma ndinaona kuti kasikeloko anakayang'ana nthawi yaitali.

Bulugama sitinachedwe naye. Ndi wolemera, ndipo ukam'khoma msomali pafupi ndi kumapeto amang'aluka ngati nkhuni. Mbawa ndi yokongola, yofiirira, koma mitsempha yake imapingasana moti puleni imaizula m'malo moipala, ndipo pa kanthu kakang'ono ngati aka kuzuka kumodzi kwawononga zonse.

Kenako analowa m'kati mwa shedi, kumene amatsekera zida usiku, n'kutuluka ndi kachidutswa kokutidwa mu nyuzipepala yakale. Anakapalako kamodzi ndi mpeni n'kutinunkhiza. Fungo lake sindingathe kulifotokoza bwino. Likufanana ndi pensulo yatsopano, koma lozama, lokhalitsa m'mphuno. Unali mkungudza wa ku Mulanje, wotsala pa bokosi la zovala limene anakonza kalekale. Mtengowu mwachilengedwe umamera m'phiri la Mulanje mokha, chiswe sichiudya, ndipo kuyambira mu 1984 ndi mtengo wa dziko lathu. Anthu anaudula mpaka mu 2017 owerengera anangopeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri lonselo. "Uwu ndiye ukanachita bwino," anatero Bambo. "Ndi wopepukirako, sumang'aluka wamba, ndipo mpeni umayenda ngati m'sopo." Ndinatambasula dzanja. Iwo anakakulunganso mu nyuzipepala muja n'kukabwezera komwe anakatenga. Anangofuna kuti mdzukulu wawo anunkhize.

Patsala awiri: mlombwa ndi malaina. Mlombwa ndi mtengo wa pamtima pawo. Ndi wa zitseko za anthu a ndalama, suvunda msanga, supindika, ukaupaka vanishi umawala wokha, ndipo mtengo wake ukautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi. Malaina amawapeputsa. Ndi mtengo wobwera, wa ku Asia, woyera mopanda ulemu, umene anthu amaudandaula kuti umaumitsa nthaka m'munda. Amachedwa kuuma, koma akauma sasunthanso, ndipo ndi opepuka. Bambo anati mlombwa. Ine ndinati ngakhale malainawo ndi olemera kwambiri, ndikufuna chiwale.

Amene munakulira kufupi ndi dambo mukuchidziwa chiwale. Ukachisenda khungu lolimba lija, m'kati mwake mumatsala chinthu choyera chopepuka ngati thovu. Tili ana tinkasema nacho mabasi, kulumikiza ndi tizisonga ta nsungwi, matayala n'kudula ku patapata wakutha. Opanga timagalimoto ndi tindege kunjako ali ndi mtengo wawo wotere wotchedwa balsa, umene wambiri umachokera ku Ecuador. Ine ndinati chiwale ndiye balsa wathu, ndipo ndinanena mawu amenewa monyadira ngati ndikupereka pepala pa semina.

Tinagwirizana kuti aliyense apange yake. Matayala tinachotsa ku timagalimoto tapulasitiki tothyoka timene muphwa wanga anatolera kwa anzake. Njira yake tinaipanga ndi lata la IBR lotsala pa nyumba ya munthu wina, lija lokhala ndi mipata yafulati pakati pa mizere. Mbali imodzi tinaitsamiritsa pa diramu, inayo pakhonde, n'kuyala katoni polumikizira kuti timagalimoto tisadumphe pofika pa simenti. Kutsogolo kwake, mamita angapo, kunali khoma la nyumba. Khoma limenelo palibe analiganizira.

Bambo anasema Land Cruiser. Ndikunena Land Cruiser yeniyeni, ya mawindo ake, bampala, mpaka tayala la sipeya kumbuyo. Anaisema madzulo awiri ataweruka, ndipo muphwa wanga ataiona anaiwala kupuma. Pa sikelo inakwana magalamu 230. Yanga inali ngati chidutswa cha chinangwa chosenda: yafulati, yoyera, yopanda nkhope, kumatako nditaboola dzenje n'kuthiramo manati mpaka sikelo inati 142 ndendende.

Mwana anagwira zonse ziwiri pamwamba pa lata, ine ndinawerenga mpaka katatu. Yanga inatsogola. Pofika pa simenti inali itasiya Land Cruiser mtunda wa mkono wathunthu, ndipo ndinali nditayamba kale kukuwa. Kenako inagunda khoma. Chiwale chinaima, koma manati sanaime. Anang'amba m'kati monse n'kutulukira kutsogolo, tayala limodzi linagubudukira ku ngalande, msomali wake uli ndi kachidutswa ka chiwale kumapeto. Land Cruiser inafika pambuyo pake, n'kugunda khoma lomwelo kuti gu, osachita kanthu.

Bambo anatola nati imodzi, n'kuiyang'ana.

"Yafika yoyamba inde. Koma apasenjala onse afa."

Muphwa wanga anaseka mpaka anakhala pansi. Kanali koyamba kumumva akuseka choncho chifikireni basi ija.

Galimoto yachitatu tinapangira limodzi, ndipo ndi imene yandichititsa kulemba zonsezi. Bambo anavomera kuti kulemera kuyenera kupita kumbuyo. Anavomera mwa njira yawo, pongotenga chidutswa cha malaina chouma bwino n'kuyamba kuchipala popanda kunena kuti ndinali ndi mfundo. Ine ndinavomera kuti chiwale n'cha mabasi okoka ndi chingwe. Anapala malainawo mpaka anatsala ochindikala ngati chala chaching'ono, mitsempha yake ikuyenda kuchokera kumphuno kupita kumatako. Mitsempha ikapingasa galimoto, anati, imathyoka pakati ngati bisiketi.

Kenako anandifunsa funso limene sindinafunsidwepo m'kalasi: "Kagalimotoka kafera pati?" Thabwa lonse silifuna kulimbitsa. Malo ake ofera ndi odziwika, ndipo ndi atatu: pamene msomali wa tayala walowa, pamene pakhala zitsulo, ndi pamphuno. Kwina konseko kungakhale kofewa, palibe kanthu.

Msomali ndiye mdani wamkulu. Nsonga yake ili ngati nkhwangwa yaing'ono, imalowa pakati pa mitsempha n'kuikankhira uku ndi uku, ndiye mng'alu umayamba pamenepo n'kuthamangira kumapeto kwa thabwa. Pa ntchito zazikulu Bambo amayamba aphwanya nsongayo ndi hamala kuti msomali uzidula mitsempha m'malo moipatula. Pa kagalimoto anati tisakhome n'komwe, tiyambe taboola. Kachitsulo koboolera kakang'ono chotero analibe, ndiye anadula mutu wa msomali wina wofanana n'kuumanga pa dirilo ya manja. Bowo lililonse linakhala kutali ndi kumapeto kwa thabwa ngati kukula kwa chala chachikulu. Ndipo pakati pa bowolo ndi kumapeto anaboola kabowo kena kochokera pamwamba kutsika pansi, n'kukhomamo kachisonga ka nsungwi kopaka guluu. Mng'alu ukafuna kuyenda, umakumana ndi nsungwiyo n'kuima. Ndi njira yomwe ija ya mabasi a chiwale, yomwe ine ndinaiiwala ndikuthamangira balsa wa ku Ecuador.

Mabowo a matayala amafuna kuwongoka kwenikweni. Likapendekeka pang'ono, galimoto imakokera mbali imodzi n'kumakhula khoma la njira, liwiro lonse n'kuthera pamenepo. Bambo anaboola loyamba. Atalowetsa msomali, tonse tinaona kuti waloza kumwamba pang'ono. Anauzula, n'kuyang'ana bowolo chapafupi, kenako chapatali. Sanalankhule. Anasema kachisonga ka nsungwi, n'kutseka bowolo ndi guluu, n'kudula chotsalira. Kenako anandipatsa dirilo.

"Boola ndiwe. Maso ako akadali atsopano."

Sindinadziwe kuti maso awo afika pamenepo. Ndinakumbuka mmene anagwirira foni tsiku lija, ndi mmene masiku ano amapapasira mzere wa pensulo ndi chala asanadule. Ndakhala m'nyumba imodzi ndi iwo miyezi iwiri osaona. Anaimika sikweya pambali pa thabwa kuti ndiziyang'anirapo, dzanja lawo lina litapanikiza malaina pa benchi, ine ndikuzunguza dirilo pang'onopang'ono. "Usakankhe. Isiye idye yokha." Tinaboola anayi. Mitu yathu inali pafupi moti ndinkamva fungo la utuchi m'tsitsi lawo.

Supaguluu ndi nzeru imene ndinabwera nayo ine kuchokera m'makanema muja, ndipo anaikayikira poyamba, poti kwa iwo supaguluu ndi womatira nsapato. Koma wamadzimadzi uja ukamudontheza pa thabwa lofewa amalowerera m'mitsempha, n'kuuma momwemo, malowo n'kusanduka olimba ngati pulasitiki. Tinadontheza dontho limodzi m'bowo lililonse, kudikira kuti aume kwenikweni, kenako n'kupititsamonso kamsomali koboolera kaja. Mukadzayesa, tayala likhale kutali panthawiyi. Dontho limodzi likalowa m'tayala, mwapanga chokongoletsa pa kabati. Zala zanga ziwiri zinamatana mpaka madzulo, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Pa manati anachita zimene amachita pa mipando. Kutsogolo kwa dzenje anadula kampata kopingasa n'kulowetsamo kachidutswa ka mlombwa, ngati khoma loletsa apasenjala kuulukira kwa dalaivala. Manatiwo tinawakwirira mu phala la utuchi wosakaniza ndi guluu woyera wa akalipentala, kuti asagwedere. Pansi pa galimoto yonse tinamata kapulayiwudi kopyapyala kochokera kumbuyo kwa kabati yakale. Pulayiwudi mphamvu yake ili poti timatabwa take tinamatidwa mopingasana, kena mitsempha uku kena uko, ndiye sang'aluka njira imodzi. Zopanira zazing'ono analibe. Tinakulunga ndi malegeni a chubu cha njinga, molimba mpaka guluu anatuluka m'mbali, n'kusiya usiku wonse. Muphwa wanga anadzuka kawiri kukasuzumira.

Pamphuno tinakangana. Iwo ankafuna bampala ya mlombwa, ine ndinkawerenga magalamu amene ikaike kutsogolo, kumene sindikuwafuna. Tinaiyeza: magalamu 6. Anaipala mpaka 3, ndinavomera. Sanaimate kumutu kwa thabwa, poti kumeneko kumamwa guluu ngati mchenga ndipo sikugwira. Anadula kamlomo kuti mlombwawo ugone pamwamba pa malaina, mbali ndi mbali. Guluu woyera akamata choncho, anati, ukadzathyola thabwa limang'ambikira pena, pomatapo pali chikhalire.

Inali nyengo ya mvula, ndipo thabwa losapaka limamwa chinyontho cha mumpweya. Tinapaka vanishi wosungunula ndi thina kuti alowe, mbali zonse, pamwamba ndi pansi pomwe. Ukapaka mbali imodzi yokha, inayo imapuma yokha ndipo thabwa limapindika. Nditamufunsa mwini galimoto mtundu wa penti, sanaganize n'komwe.

"Yofiira, ankolo."

Ine ndi Bambo sitinayang'anane. Anakatenga kachitini ka penti wofiira wotsala pa geti ya munthu.

Penti ndi vanishi zinawonjezera kulemera, sikelo inati 145. Ndinaboola timabowo pansi, chapakati, mpaka inabwerera pa 142. Achemwali anandifunsa kuti kodi alipo mzungu amene abwere kudzayeza. Palibe, koma lamulo limenelo ndi limene linapangitsa kuti nkhani yonseyi ikhale yokoma, ndipo sindinafune kulisiya. Misomali tinaikwecha ndi sandipepa wosalala, makamaka kunsi kwa mutu kumene kumakhala timizere takuthwa, kenako n'kuipukuta ndi Colgate pa kansalu mpaka inawala. Bambo anabweretsa oyilo wa makina osokera. Ndinakana, poti oyilo amaitana fumbi. Ndinapala mtima wa pensulo yofewa ya 6B n'kuthira ufa wakewo m'matayala. Anazunguza tayala limodzi ndi chala, n'kulimvetsera likuzungulira, likuzungulirabe. Oyilo uja anamubwezera m'thumba.

Pofika pa 1 Januwale nkhani inali itamveka m'mudzi monse, ndipo katoni ya zidutswa ija inali itatsala theka. Panabwera timagalimoto 6. Ena anali ndi matayala a zitsekerero za mabotolo, wina anamangirira mwala ndi waya kumbuyo, kusonyeza kuti sayansi yanga inali itabedwa kale. Ndinakhala pakhonde ndi kasikelo ka makeke ngati wa kasitomu pa boda. Wopitirira 142 ndinkamubweza kuti akachepetse. Land Cruiser sinaloledwe, ndipo mwini wake anati palibe vuto, galimoto za mabwana sizithamanga ndi ma minibasi.

Yofiira inapambana ulendo woyamba. Inagunda khoma, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuima. Muphwa wanga anaithamangira, anaitembenuza, anayang'ana matayala onse anayi mmodzimmodzi, kenako n'kuikweza m'mwamba kuti agogo ake aone. Tsiku limenelo inagunda khomalo maulendo oposa 20. Penti wa pamphuno anasupuka, mlombwa unaonekera, basi.

Koma fainolo sitinawine. Anawina mtsikana wa Sitandade 6 wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, ndi kagalimoto ka paini kosapaka kalikonse, konyansa kuposa kanga ka chiwale. Tayala lathu limodzi lakumbuyo linali ndi bowo lokulirapo ndipo linkagwedera pofika pa simenti. Ake onse anayi anachokera ku galimoto imodzi. Nditakatembenuza kagalimoto kakeko ndinaona timitu ta nsungwi tinayi pafupi ndi misomali. Ndinayang'ana Bambo. Iwo anali kuyang'ana kumsewu.

Mwana analira pang'ono, kulira kwa mkwiyo, kenako anandipempha foni. Anajambula yofiira ija kangapo, mbali yosasupuka, n'kutumiza ku Joni. Yankho linabwera patapita masiku awiri, cha m'ma 10 usiku. Alamu anati galimotoyo ndi yokongola kwambiri, ndipo ya limoti ija ifika pa Isitala osalephera, munthu wake wapezeka kale. Anaimvera kamodzi, n'kundibwezera foni. Kenako anapita kukafunsa agogo ake ngati matayala angasemedwe a mlombwa, onse anayi ofanana.

Bambo anati angasemedwe, koma pakufunika munthu wa maso. Anatembenukira kwa ine.

"Lolemba ulawirire. Pali zitseko zitatu zofuna kupala, ndipo matabwa ake sindikuwakhulupirira. Kasikelo kaja ukabwerekenso."

Ndinawauza kuti Lachiwiri ndili ndi intavyu ku Lilongwe.

"Ndiye kuti Lolemba ulipo," anatero.